Akatumbu a m'Kope la a Koloko

"Ali angati lero?" anafunsa a Koloko, pensulo ili kale pakope.

Amake Nesi anaika magalasi oonera patali m'maso n'kuyang'ana padziwe. Anaona madzi, bango, ndi mwala wakuda uja womwe unali pamenepo chikhalire. China panalibe.

"Wamkazi watuluka," anatero. "Wakhala pamwala, akudzinyambita. Tiana tidakali kuuna."

"Nthawi?"

"Sikisi yadutsa ndi mphindi khumi ndi ziwiri."

"Wachedwa ndi mphindi zinayi," anatero a Koloko mokondwa, ngati bwana amene wagwira wantchito waulesi. Anapapasa lula, kuigoneka papepala, n'kulemba pamwamba pake zilembo zikuluzikulu zomwe iwo eni sankazionanso.

Dzina la Koloko anawapatsa ndi anzawo akuntchito. Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri anagwira pasiteshoni ya sitima zapamtunda, ndipo anthu ankanena kuti ngakhale pofuna kutsokomola ankayamba ayang'ana wotchi. Atapuma pantchito anagula kafamu pachilumba: nyumba ya zipinda zitatu, khola la mbuzi, dimba, ndi kamtsinje kotsika kuchokera kuphiri, komwe kankapanga dziwe kasanakathire m'madzi aakulu. Boti linkafika Lachiwiri ndi Lachisanu basi. Chaka choyamba chinatsala pang'ono kuwapha. Ankadzuka faifi koloko, kumanga tayi, n'kukhala pakhonde tsiku lonse ngati akudikira sitima kumalo kopanda njanji. Chakudya ankangochigwiragwira. Akazi awo, amake Nesi, ankawaona akutha ngati sopo, osadziwa chochita.

Anawapulumutsa ndi akatumbu. M'mawa wina a Koloko anapeza tinyama tiwiri tosalala, ta ndevu, tikusambira padziwe paja ndi kugwira nsomba. Anakhoma benchi pansi pa mtengo, anaitanitsa magalasi oonera patali, anagula makope. Kuyambira pamenepo akatumbu anasanduka sitima zawo: nthawi yotuluka, nthawi yomira, nsomba zingati, wadya ndani, walanda ndani. Tayi anaipachika kuseri kwa chitseko, ndipo munthu uja ananenepanso.

Kenako inabwera ng'ala. Inayamba ndi diso lakumanzere, n'kuwolokera kumanja, mpaka dziwe lonse linasanduka chifunga chokhachokha. A Koloko sanasiye. Anangopereka magalasi kwa akazi awo n'kunena kuti, "Inu muziona, ine ndizilemba." Ntchito zina zonse za pafamu, zomwe ankagawana anthu awiri, zinatsalira mayiwo okha.

Cholakwa chinachitika mwezi wa Malichi. Mbuzi ankazisambitsa dipi, mankhwala ophera nkhupakupa, pakatha sabata ziwiri zilizonse, ndipo madzi otsala a Koloko ankakawathira m'dzenje lomwe anakumba kumtunda kwa khola, kutali ndi mtsinje. Lamulo limeneli amake Nesi ankalidziwa bwino lomwe. Koma tsiku limenelo msana unawagwira, ndowa zinali zinayi, dzenje linali pokwera, pomwe kamtsinje kanali pamphuno. Anakhuthulira momwemo, n'kutsukiramo ndi ndowa zomwe. M'mawa mwake nsomba zinali mbuu padziwe, mimba zili m'mwamba. Patatha masiku awiri anapeza katumbu wamkazi m'bango atauma, bere lake lili lalikulu. Wamphongo anamupeza chakumunsi, ntchentche zitamuyamba kale. Anawakwirira onse awiri m'dzenje lomwe lija anachita nalo ulesi, ndipo ulendo uno msana sunawaletse kukwera.

Anafuna kunena. Koma m'mawa wotsatira, atamva "Ali angati lero?" n'kuona nkhope ya amuna awo ikudikira, anakumbukira munthu wa tayi uja wa pakhonde. Pakamwa panangotuluka mawu oti, "Awiri." Iwo ankati ndi bodza la tsiku limodzi. Vuto linali loti a Koloko anali atawerengera kale masiku a bere la katumbu, choncho tsiku litakwana mayiwo anakakamizika kubereketsa nyama yakufa ana atatu. Kamodzi anakapatsa ulesi, kena ndewu, kachitatu mchira waufupi. A Koloko anatikonda tianato kuposa mbuzi zonse za m'khola.

Lachiwiri lina boti linabweretsa Nesi, mwana wawo mmodzi yekhayo, yemwe ankagwira ntchito ya unesi pachipatala chachikulu kutsidya. Dzina lake lenileni ngakhale makolo ake anali atasiya kulitchula. Sanadikire n'komwe kuti madzi a tiyi awire. Anakhazika bambo ake pawindo, kuwakanula zikope, n'kuwaunika ndi katochi.

"Lakumanzereli likumakupwetekani?"

"Pang'ono. Likumangolemera."

"Si pang'ono, ababa. Lauma ngati mwala. Ng'ala yakhwima mpaka yatupitsa diso. Mtsempha ukafa palibe dokotala angaudzutse." Anazimitsa katochi kaja. "Dokotala wa maso achita maopaleshoni Loweruka, kenako achoka, adzabweranso chaka chamawa. Ndakulembetsani kale. Tikwera boti la Lachisanu."

"Lachisanu lake liti?"

"Lomwe lino."

"Sizitheka," anatero a Koloko, akupukusa mutu. "Tiana tiyamba kusambira sabata ino. Ndadikira miyezi iwiri. Funsa amako."

Nesi anayang'ana mayi ake. Mayi ake anali akupukuta masipuni omwe anali ouma kale.

"Mukufuna kutaya diso chifukwa cha makoswe a m'madzi?"

"Makoswe ndi a kutauni kwanuko. Awa ndi akatumbu."

"Nanga tikamasambirapo mutiona ndi chiyani? Inu simukuona, ababa."

"Maso ndili nawo awiri abwinobwino," anatero a Koloko, akuloza ndi chibwano komwe kunkamveka masipuni. "Zaka makumi anayi sanandinamizepo."

Sipuni imodzi inawapulumuka amake Nesi n'kugwera pansi. Anachedwa kuitola.

Kunena zoona, a Koloko ankaopanso mpeni. Munthu amene anakhala moyo wake wonse akuuza ena nthawi yonyamuka sakonda kugonekedwa patebulo kuti mwana wa dzulodzulo amung'ambe diso. Koma mantha a munthu wamkulu amafuna pobisala, ndipo akazi awo anali atawamangira malo abwino kwambiri.

Lachitatu masana Nesi anatenga magalasi n'kutsikira kudziwe yekha. Pobwerako anapeza mayi ake kukhola akuthira madzi m'chomwera mbuzi.

"Amayi, ndakhala kudziwe kuja maola awiri."

"Masana satuluka."

"Ndazungulira m'matope monse. Palibe phazi la nyama, palibe minga ya nsomba, palibe ndowe. Pakhomo pa una paja kangaude wamangapo nyumba. Akatumbuwo ali kuti?"

Amake Nesi anapitiriza kuthira mpaka madzi anasefukira n'kuwanyowetsa mapazi. Kenako anatembenuza ndowa, kukhalapo, n'kufotokoza zonse, kuyambira msana mpaka kamchira waufupi. Ankalankhula akuyang'ana mbuzi. Atamaliza anamva manyazi kwambiri, kuposa omwe anamva tsiku lomwe ankakwirira nyama zija, chifukwa pa tsiku lija panalibe wowayang'ana.

Nesi anaika manja m'chiuno.

"Ndiye mwawamanga ndi chingwe chanu chomwe," anatero. "Muwamasule nokha. Lachisanu ndinyamuka nawo, kaya muwauza inu, kaya ndiwauza ine."

"Iwe chaka chija sunawaone. Unkangoimba foni. Ine ndinkawanyengerera kudya ngati mwana wodwala. Ukawalanda tinyama timeneti atsala ndi chiyani?"

"Diso, amayi."

"Ndipatse mawa lokha. Ndikonza."

"Mukonza bwanji?"

Mayiwo anatola ndowa n'kulowa m'khola.

Lachinayi m'mawa anayesa njira yachidule. Poti bodza ndi lomwe linatseka njira, anaganiza kuti bodza lomwelo liitsegule. Atangokhala pabenchi anakweza magalasi n'kukoka mpweya ngati wadzidzimuka.

"Tatuluka tonse titatu. Mayi wake akutikankhira kumadzi."

A Koloko anawongoka. "Kayamba kati?"

"Kandewu. Kalowa kokha. Kamchira katsatira."

"Nanga kaulesi?"

"Kakukana, kakakamira mwala. Wakagwira pakhosi, wakaponyamo. Kamira. Katulukanso. Kakusambira, bambo. Tonse tikusambira."

A Koloko anaseka, kuseka kochokera m'mimba komwe akazi awo anali asanakumve kwa nthawi yaitali. Anamenya benchi ndi dzanja. Misozi inatuluka m'maso oyera aja n'kutsikira m'masaya, iwo osaipukuta. Anafunsa nthawi kawiri kuti asalakwitse, kenako analemba.

"Ndiye basitu," anatero amake Nesi. "Zomwe mumadikira zachitika. Mawa mukwere boti."

"Mawa? Inu amake Nesi, sabata yoyamba m'madzi ndi yomwe ana ambiri amafa. Kuli chiwombankhanga, kuli agalu a kumafamu akumunsi. Pabenchi pano pamafunika munthu m'mawa uliwonse. Panopa ndiye sindingachoke n'komwe."

"Ndizikhalapo ine."

"Nanga azilemba ndani? Inu zilembo zanu zimangokhala ngati papalasa nkhuku." Anawasisita pabondo mwachikondi. "Diso lidikira. Ladikira kale zaka ziwiri."

Diso silinkadikira. Masana a tsiku lomwelo amake Nesi, akuanika zovala, anamva amuna awo akusanza kuseri kwa nyumba. Atasuzumira anawaona atatsamira khoma, chikhatho chili padiso lakumanzere, akubuula chapansipansi kuti mwana asamve. Atamaliza anakwirira masanziwo ndi phazi, mongopapasa, n'kusiya theka lili pamtunda. Mayiwo anadikira kuti alowe m'nyumba, kenako anapita kukamaliza kukwirira.

Lachisanu kunacha kuli mitambo. Boti linkayenera kufika teni koloko, ndipo Nesi anali atalongedza kale chikwama cha bambo ake n'kuchibisa pansi pa bedi lake. Pomwe makolo ake ankatuluka kupita kudziwe, iye anaima pakhomo n'kuyang'ana mayi ake.

Anatsika monga mwa masiku onse, a Koloko atagwira mkono wa akazi awo, kope ndi lula zili kukhwapa. Anakhala pabenchi. A Koloko anatsegula kope, kupapasa pomwe anapinda tsamba dzulo lake, n'kunyowetsa pensulo ndi lilime.

"Ali angati lero?"

Magalasi anali pamiyendo pa amake Nesi. Sanawanyamule.

"Palibe."

"Tidikire. Dzulo anatopa."

"Palibe, bambo. Padziwe pano palibe katumbu. Anafa."

A Koloko anapendeketsa mutu monga ankachitira pomvetsera sitima ikadali kutali.

"Tiana?"

"Wamkazi ndi wamphongo. Ndinathira madzi a dipi mumtsinje. Msana unandigwira, ndinachita ulesi kukwera kudzenje. Nsomba zinafa, iwo anadya nsombazo. Ndinawapha ndine."

"Dzulo?"

"Mu Malichi."

Kumtunda mbuzi zinkalira kuti zitsegulidwe. Kamphepo kanagwedeza bango n'kusiya.

"Mu Malichi wamkazi anali asanabereke," anatero a Koloko pang'onopang'ono.

"Anafa nalo bere."

"Kaulesi?"

"Ndinakapeka."

"Kamchira?"

"Tonse titatu, bambo."

Amake Nesi ankayembekeza kukalipiridwa, ndipo akanakondwa zikanatero. Koma mawu omwe anatuluka anali aja a kusiteshoni, osalala, ofunsira munthu wachilendo tikiti.

"Tsiku lanji?"

"Pa naini."

"Ndipezereni tsambalo."

Mayiwo anatenga kope n'kuyamba kubwerera m'mbuyo. Anadutsa tsiku la kusambira, anadutsa tsiku lomwe kandewu kanaluma mayi wake khutu, anadutsa tsiku lobadwa lomwe a Koloko analizunguliza kawiri ndi pensulo. Atalipeza anagwira chala cha amuna awo n'kuchiika pamenepo. A Koloko anatsina masamba onse kuchokera apo mpaka pomwe anapinda, kumva kukhuthala kwake pakati pa zala.

"Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri sindinalembepo sitima yomwe sinafike," anatero. "Mabwana anandiopsezapo kuti ndisinthe nthawi, ndinakana. Inu mwandilembetsa zonsezi ndi dzanja langa lomwe."

"Ndinkaopa kuti mubwerera pakhonde paja."

"Mukanandiuza za dipi ndikanakwiya sabata imodzi. Nyama zimafa. Koma dzulo ndinalira, amake Nesi. Munakhala pomwepo n'kumandiyang'ana ndikulirira madzi opanda kanthu."



A Koloko anagoneka lula m'mphepete mwa tsamba, kuipanikiza, n'kung'amba. Anang'amba limodzilimodzi, mowongoka, osafulumira, mpaka anafika pa la dzulo. Anawasanja bwinobwino pabondo, kuwalinganiza m'mbali, n'kuwatambasulira komwe kunali akazi awo.

"Tengani. Ndi zanu izi."

Anaimirira. Amake Nesi atawagwira mkono, iwo anauchotsa mwaulemu n'kuyamba kukwera okha, akupapasa njira ndi mapazi. Anagunda mpanda wa dimba, anaima, anautsatira ndi dzanja mpaka anafika pakhomo. Mayiwo ankabwera pambuyo ndi mapepala aja m'manja. Atalowa m'nyumba anapeza amuna awo ataima kuseri kwa chitseko akumanga tayi.

Padoko a Koloko anagwira mkono wa Nesi. Woyendetsa boti, yemwe anali atamva nkhani za tiana tija Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse, anawalandira chikwama akuseka.

"Madala, lero mwasiya ana anu aja? Akupatsani chilolezo?"

Ataona nkhope zawo, iye anangowerama n'kuyamba kumasula chingwe. Amake Nesi sakanakwera nawo, chifukwa ziweto sizikanatsala zokha. Anaima pathabwa lakumapeto, manja ali kumbuyo.

"Muyende bwino, bambo."

"Mbuzi yakuda ija munati ili pafupi kubereka," anatero a Koloko, nkhope italoza kumadzi. "Muziiyang'anira. Ngati ilipodi."

Injini inalira. Nesi anakweza dzanja pang'ono, koma bambo ake sanatembenuke.

Loweruka ndi Lamlungu amake Nesi anagwira ntchito ngati munthu wolangidwa. Anakolopa zipinda zonse zitatu, anapalira dimba, anasambitsa mbuzi n'kunyamula ndowa zinayi zonse mpaka kudzenje, imodziimodzi, akupumira panjira. Foni sanaimbe. Ankaopa zomwe angamve, ndipo ankaopanso kuti mwina sangafunidwe n'komwe. Mapepala aja anawaika m'kabati, pansi pa mbale zomwe sankadyera.

Lolemba m'mawa miyendo inawatengera yokha kubenchi. Anazindikira atakhala kale, magalasi ali m'khosi, malo a amuna awo atawasiyira monga mwa masiku onse. Anati aimirire kuti azibwerera pomwe madzi anagwedezeka chakumunsi kwa dziwe.

Kunatuluka kamutu kosalala, ka ndevu. Kanayang'ana uku ndi uko, kanamira, n'kutulukanso pafupi ndi bango. Amake Nesi anakweza magalasi. Anali katumbu, wamng'ono, wowonda, mwina wongosiyana kumene ndi make, wochokera kumadzi aakulu kudzafuna malo akeake. Anamira kachitatu n'kuvuuka ndi nkhanu kukamwa. Anakwera nayo pamwala wakuda uja n'kuyamba kuiphwanya, ndipo phokoso lake linkamveka mpaka pabenchi.

Mayiwo anayang'ana wotchi. Dzanja lawo linapita lokha kumbali kuti likagwire bondo, n'kugwira thabwa.

Anakwera chothamanga mpaka pathanki ya madzi, pomwe foni inkagwira, msana osaukumbukira. Nesi anayankha foni italira kanayi.

"Lakumanzere lapita, amayi. Tinachedwa. Dokotala akuti tikanabwera mwezi watha." Anapuma. "Lakumanja awachotsa bandeji dzulo. Akuona. Ayang'ana wotchi ya pakhoma n'kuuza anzanga kuti yatsalira ndi mphindi zitatu."

"Ndipatse ndiwalankhule."

Kunamveka kunong'onezana, kenako kupuma kwa munthu.

"Bambo, ndi ine."

"Ndamva."

"Kwabwera katumbu padziwe. Mmodzi, wamng'ono. Wachokera kumunsi. Wagwira nkhanu, wakadyera pamwala uja. Sikisi itadutsa ndi mphindi khumi ndi zisanu ndi zinayi. Ndamuona ndi maso angawa, bambo."

Amake Nesi ankamva matayala a bedi lina akukukuta pansi m'chipatala, ndi munthu akutsokomola chapatali. Anadikira funso la mtundu wa ndevu, la kutalika kwa mchira, lililonse.

"Mbuzi mwazitsegulira?" anafunsa a Koloko.

"Sindinatsegule."

"Katseguleni. Nthawi yapita."

Foni inaduka. Amake Nesi anaima pathanki paja kwa kanthawi, kenako anayamba kutsika. Pokhota njira dziwe linkaoneka lonse, ndipo katumbu uja anali adakali pamwala akunyambita zikhadabo zake. Mayiwo anavula magalasi m'khosi, kuwakulunga ndi chingwe chake, n'kupita kukatsegula khola.